Kukwera Phiri la Mulanje m'Nyengo ya Chiperoni: Malangizo a Pang'onopang'ono

Mwezi wa Juni ukangofika, magulu amayamba kusonkhana pa Likhubula, poyambira kukwera phiri la Mulanje: ana asukulu ndi aphunzitsi awo, achinyamata a kumpingo, anthu a m'maofesi a ku Blantyre amene akufuna kukaponda pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, n'kujambulitsa. Nyengoyi imakopa chifukwa dzinja latha, njira zauma, kumwamba kwayera mbee. Koma ndi miyezi yomweyi imene phirili limazizira koopsa, ndipo chiperoni chimatha kufika masana dzuwa likuwala bwinobwino, n'kuphimba chilichonse ola lisanathe.

Ambiri tikamva za anthu ofa ndi kuzizira m'mapiri timaganiza za kunja, kumene kumagwa chipale chofewa. Ku Mulanje munthu safunika chipale kuti afe. Zimangofunika zinthu zitatu zikumane pathupi pake: kunyowa, mphepo ndi kutopa. Madzi akhoza kukhala asanaundane n'komwe, koma munthu wovala zonyowa, wa njala, amene mphepo ikumuwomba kwa maola angapo, thupi lake limataya kutentha mofulumira kuposa mmene lingakupangire. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil anakwera cha ku Sapitwa atasiya womulondolera njira m'munsi. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Anali wamphamvu zake, woyendayenda m'maiko ambiri.

Ndimalikonda phirili ndipo ndimafuna anthu ambiri alikwere. N'chifukwa chake ndalemba malangizowa motsatira mmene ulendo umayendera, kuyambira muli kunyumba mpaka mutatsika.

Choyamba: chidziweni chiperoni, kenako musankhe tsiku

Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imadzera. Ndi mphepo yozizira, yonyamula chinyontho kuchokera kunyanja yamchere. Ikagunda phiri la Mulanje imakakamizika kukwera, ndipo ikamakwera imazizira, chinyontho chija n'kusanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa. N'chimodzimodzi chimene chimasunga minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo yobiriwira pamene kwina konse udzu wauma. Chimabwera kawirikawiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo chikakhazikika chimatha masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo.

Musanyengedwe ndi mmene kukuonekera m'munsi. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndiye kuchokera pa boma la Mulanje kusiyana kwake kumafika madigiri 14 kapena 15, mphepo tisanaiwerengere. Mukhoza kunyamuka pa Chitakale mutavala malaya okha, n'kukafika pamwamba mano akugundana. Usiku wa Juni ndi Julayi, m'zidikha za pamwamba pa phiri mumagwa chisanu. Ndinadzukapo m'mawa ku nyumba yogona ya paphiri ya Chambe n'kupeza udzu wonse wayera ngati wathiridwa ufa, ukulira kuti tswatswa ukauponda, ndipo madzi a m'ndowa imene inagona panja anali atachita kachikhungu kolimba pamwamba.

Kutatsala masiku atatu kuti munyamuke, yambani kumvera zanyengo. A Nthambi yoona za nyengo amalengeza pawailesi komanso pa Facebook. Mukamva akuchenjeza asodzi za mwera panyanja, n'kutchulanso chiperoni m'madera okwera a m'chigawo cha kumwera, dziwani kuti n'chinthu chimodzi, ndipo pamwamba pa Mulanje ndiye chafika kale. Sinthani tsiku. Ngati simungathe, sinthani ulendo: kagoneni ku nyumba ya Chambe kapena ya Lichenya, za Sapitwa muziiwale kaye.

Pokonza ulendo, onjezani tsiku limodzi lopanda ntchito. Anthu ambiri amene amalowa m'mavuto ndi amene akwera Loweruka akudziwa kuti Lolemba ayenera kukhala ali kuntchito. Munthu wotere nkhungu ikatseka sadikira, amangoti tiyeni.

Chachiwiri: tengani gaidi, ndipo muzimumvera

Pa ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula pamapezeka olondolera njira, amene tonse timangoti magaidi, komanso onyamula katundu. Lembetsani mayina a gulu lonse, njira imene mudzere, nyumba imene mukagone ndi tsiku lotsika. Zomwezi muuzenso munthu mmodzi wakunyumba, ndipo mugwirizane kuti likafika ola lakuti lakuti musanaimbe, iye ayambe kufunsa.

Ndalama ya gaidi ena amaiona ngati yongotaya, makamaka ngati m'gulumo muli wina amene anakwerapo kamodzi. Kukwerapo kamodzi dzuwa likuwala sikudziwa njira. Gaidi anakulira m'mphepete mwa phirili, amadziwa mwala uliwonse wokhotera, ndipo amaona kusintha kwa mitambo inu mukadali kuseka. Akanena kuti lero sitikwera, musamunyengerere, musamuwonjezere ndalama kuti asinthe maganizo. Iyenso ali ndi ana kunyumba, ndipo ndalamayo akhoza kuilandira chifukwa cha mavuto, mtima wake ukukana.

Pano ndinenepo za onyamula katundu. Kawirikawiri mudzaona mnyamata wasenza chikwama chanu cholemera, iye atavala kabudula ndi tisheti yong'ambika. Poti akuyenda mwamphamvu timaganiza kuti kuzizira sikumukhudza. Kumamukhudza ngati wina aliyense, ndipo poti watuluka thukuta kwambiri, akangoima ndiye amazizidwa msanga kuposa inu. Musananyamuke mufunseni ngati ali ndi juzi ndi chofunda. Ngati alibe, mubwerekeni.

Chachitatu: zovala

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho ndikhalitsapo.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, mwina kuwirikiza ka 25. Ndiye funso la chovala chilichonse n'lakuti: chikanyowa chimatani? Nsalu ya thonje imamwa madzi n'kuwasunga, imamatirira pakhungu, ndipo paphiri siuma. Jinzi ndiye yoipitsitsa: ikanyowa imalemera, imalimba gwa ndi kuzizira, imakupalani m'ntchafu. Tisheti wamba, juzi zokhala ndi chipewa zimene achinyamata amakonda, chitenje, zambiri mwa izi n'zathonje. Musadalire zimenezi poyenda.

Simukufunika zovala zodula za m'mashopu. Pa kaunjika wa ku Limbe kapena msika uliwonse waukulu mupeza zonse, bola muziwerenga kakalata kosokeredwa m'khosi kapena m'mbali mwa chovalacho. Valani mosanjikiza motere. Pakhungu pakhale chovala cha polyester, ndipo jezi ya mpira imene muli nayo kale imagwira ntchito imeneyi bwino zedi, chifukwa siisunga thukuta. Pamwamba pake pabwere juzi yaubweya kapena ya fleece, imene imafunditsabe ngakhale itanyowa pang'ono. Kunja kwenikweni kukhale renikoti kapena jekete yosalowa madzi ndi mphepo, yokhala ndi chipewa chake. Kumiyendo valani thalauzi la masewero losakhala lathonje. Zovala zitatu zopyapyala zimaposa chijasi chimodzi chokhuthala, chifukwa mumatha kuvula kapena kuwonjezera malinga ndi mmene mukumvera.

Kuvula n'kofunika ngati kuvala komwe. Mukamakwera chitunda cha Skyline kuchokera pa Likhubula mudzatentha, thukuta lili kamukamu. Vulani juzi muiike m'chikwama isananyowe. Mukangoima kuti mupume, ivaleni nthawi yomweyo, musadikire kuti muyambe kumva kuzizira. Anthu amachita mosemphanitsa: amakwera atavala zonse mpaka zitanyowa ndi thukuta, akafika pamwamba pamphepo n'kuvula kuti apitidwe mphepo. Pakatha mphindi khumi amakhala akunjenjemera, chouma alibe.

Tenganinso chipewa cholukidwa chophimba makutu, magolovesi, ndi masokosi okhuthala mapeya atatu. Ngati magolovesi mulibe, masokosi owonjezera amavalika m'manja. Nsapato zikhale zokhala ndi mano kunsi, zimene mwaziyendera kale. Nsapato yatsopano imatupitsa matuza, yosalala kunsi imakugwetsani pathanthwe lonyowa. Patapata ndi wa m'nyumba yogona basi.

Tsopano chinthu chimene ndimachiona ngati lamulo. Tengani zovala zina zathunthu, zouma, kuyambira chamkati mpaka juzi ndi masokosi, muzikulunge m'pulasitiki wosabooka, mumange ndi mphira, muziike pansi penipeni pa chikwama. Zimenezi simuzikhudza masana ngakhale mvula ikukwapuleni chotani. Ndi zovala zogonera, ndipo ndi zimene zingapulumutse munthu zinthu zikavuta. M'mawa mwake mumavalanso zonyowa zija, ngakhale thupi likane, zoumazo n'kubwerera m'pulasitiki mwake. Chikwama chilichonse chimalowa madzi chiperoni chikakhalitsa, choncho yalani pulasitiki wamkulu mkati mwake musanalongedze kanthu. Pulasitiki wa mkati mwa thumba la feteleza, mutamutsuka bwino n'kumuumitsa, amakwanira ndendende.

Chachinayi: zina za m'chikwama

Tochi ndi mabatire apadera, osadalira tochi ya foni. Wezulo. Machesi okulungidwa m'pulasitiki. Chofunda chogonera, kapena bulangete lokhuthala. Pulasitiki wamkulu woti anthu awiri kapena atatu n'kufunda. Fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri. Foni yodzaza moto, yosungidwa m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, chifukwa batire ikazizidwa imatha msanga.

Chakudya ndiye nkhuni za thupi. Nyamulani zoti mukhoza kudya mukuyenda, osaphika: mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthochi, zitumbuwa, chigumu, buledi wopaka chiponde, masiwiti. Muzidya pang'ono ola lililonse ngakhale njala musakuimva, ndipo muzimwa madzi ngakhale kukuzizira. Sungani chakudya cha tsiku limodzi chimene simunachiwerengere pa ulendo.

Chachisanu: gwirizanani ola lobwerera musananyamuke

Mu Juni dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo kukakhala nkhungu mdima umayamba kale isanakwane. Opita ku Sapitwa amagona pa nyumba ya Chisepo, n'kulawira m'mamawa. Kupita ndi kubwera kumatenga maola 6 kapena kuposerapo, ndipo gulu likakhala lalikulu kapena losazolowera, onjezani ena awiri. Njira yake si yoyenda chabe. Pali mathanthwe otsetsereka oti mukwawe ndi manja, pali mipata yopanikiza pakati pa miyala ikuluikulu, pali tchire lowirira lomera m'mikwasa. Kukauma zonsezi zimatheka. Kukanyowa, ndere za pamiyalapo zimaterera ngati therere, ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera.

Choncho usiku womwewo, muli pamoto, nenani poyera: tinyamuka 6 koloko, ndipo ikakwana 11 koloko tisanafike pamwamba, tibwerera pomwe tilipo. Aliyense avomere ndi pakamwa pake. Chifukwa chogwirizanirana usiku n'chakuti pa 11 koloko pamenepo, nsonga ikuoneka pafupi, palibe amene amaganiza bwino. Wina adzati tangotsala pang'ono, wina adzakumbutsa ndalama zimene mwawononga. Pangano la dzulo ndi limene limakutulutsani m'mkangano umenewo.

Mukadzuka n'kupeza nsonga zavala mtambo, kapena mphepo yayamba kuwomba kuchokera kumwera chakum'mawa ili ndi chinyontho, khalani panyumba. Tsiku lapadera lija ntchito yake ndi imeneyi.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhungu ikakupezani panjira

Imabwera mwakachetechete. Mumaona kautsi koyera kakukwera m'chigwa ngati wina akutentha zinyalala m'munsimo, kenako kadutsa pamsana pa phiri, kenako mnzanu amene anali patsogolo panu mapazi khumi simukumuonanso. Mawu amamveka ngati akuchokera mbali ina. Tsitsi ndi nsidze zimadzaza timadontho.

Imani pomwepo. Itanani onse abwere pamodzi, muwerengane. Valani majuzi ndi marenikoti musanachite china chilichonse, ndipo aliyense adye kanthu. Mukatero m'pamene mukambirane.

Ngati gaidi ali nanu ndipo njira akuiona, yendani mondondozana, woyenda pang'onopang'ono akhale wachiwiri kwa gaidi, wamphamvu atsekere kumbuyo. Aliyense aziona msana wa amene ali patsogolo pake. Gulu lisagawike, ngakhale wina atati ine ndithamangire kunyumba ndikakoleze moto. Pa njira ya ku Sapitwa pali zizindikiro zofiira zopakidwa pamiyala. Musachoke pa chizindikiro chimodzi musanaone chotsatira. Ngati sichikuoneka, mmodzi aime pa chimene mulipocho, wina afufuze pafupi pomwe akumvana mawu. Mukaona kuti mwayenda mphindi zingapo osaona chizindikiro, bwererani pa chomaliza chija.

Pali nzeru ina imene anthu amauzana, yoti ukasochera utsate mtsinje udzakufikitsa kumudzi. Kuchidikha n'zoona. Ku Mulanje nzeru imeneyi ndi yakupha. Phirili lili ngati tebulo: pamwamba pali zidikha, m'mbali muli maphompho. Mitsinje monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo imatsika kudzera m'mathithi ndi m'zigwembe zakuya. Khoma la kumadzulo la Chambe lokha ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700. Munthu wotsata madzi mu nkhungu amatsikira pamalo oti sangathenso kukwera, kutsogolo kuli phompho.

Ngati njira yatayika ndithu, kapena mdima wayandikira, lekani kuyenda mukadali ndi mphamvu. Funani malo obisika ku mphepo, kuseri kwa mwala waukulu kapena m'kaphanga, kutali ndi m'mphepete ndi m'khwawa. Musakhale pamwala kapena pansi popanda choyala, chifukwa nthaka imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Khalirani zikwama, kapena zulani udzu muunjike. Valani zouma zija tsopano, renikoti pamwamba. Khalani mothithikana, ofooka ndi ana pakati, mufunde pulasitiki wamkulu uja koma musiye mpata wopumira. Muzicheza, muziimba, muzifunsana mafunso kuti mudziwe amene wayamba kusokonezeka. Lizani wezulo kasanu ndi kamodzi motsatizana, mupume mphindi imodzi, mubwereze. Usiku chitani chimodzimodzi ndi kuwala kwa tochi. Netiweki paphiri imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo uthenga wolemba umadutsa pamene kuimba kukukanika. Lembani mwachidule: muli angati, munachokera nyumba iti nthawi yanji, mumalowera kuti, ndani wadwala.

Chachisanu ndi chiwiri: muzindikireni mnzanu amene kuzizira kwamulowa

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, zinthu zimayamba kusokonekera, ndipo choyamba kusokonekera ndi nzeru. N'chifukwa chake wodwalayo sadzidziwa. Adzakuuzani kuti ali bwino. Udindo ndi wa anzake.

Ndinaziona ndi maso pa ulendo wina wa achinyamata, tikuchoka ku Chambe kulowera ku Lichenya. Mawawa anatipeza pakati panjira. Panali mtsikana wina wansangala, amene kuyambira m'munsi ndiye ankayambitsa nyimbo. Anavala jinzi ndi juzi yathonje. Patapita nthawi ndinangozindikira kuti nyimbo zatha. Ankayenda kumbuyo, manja atapinda pachifuwa, akupunthwa pamalo oti panalibe mwala. Titamufunsa anayankha kuti, "Ndili bwinobwino, tiyeni," koma mawu ake ankatuluka ngati lilime lalemera. Gaidi wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anabwerera n'kugwada patsogolo pake, n'kumasula chingwe cha nsapato yake imodzi.

"Achemwali, tamangani chingwechi ndione."

Anawerama, zala zikungogwiragwira chingwecho osatha kupanga mfundo. Anayesa katatu. Kenako anangokhala pansi n'kunena kuti timusiye agone pang'ono, atipeza. Gaidi uja anatembenukira kwa ine n'kuti, "Achimwene, apa sitipitirira. Tulutsani zouma zonse zimene muli nazo."

Kuyambira tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito mayeso omwewo. Muuzeni munthu amange chingwe cha nsapato, akoke zipi, kapena agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono cha dzanja lomwelo. Akalephera, musamvere zoti ali bwino.

Zizindikiro zimabwera motsatana. Poyamba munthu amanjenjemera, zala zimauma, amakhala chete kapena amakwiya ndi zinthu zazing'ono. Kenako amapunthwapunthwa, amalankhula ngati waledzera, amaiwala, sasamalanso za chipewa chimene chagwa kapena jekete imene yatseguka. Zikafika poipa, kunjenjemera kumaleka ngakhale munthuyo akadali wozizira, ndipo apa ambiri amanyengeka poganiza kuti wayamba kupeza bwino, pamene thupi latopa kulimbana. Ena amayamba kuvula zovala akuti akumva kutentha. Kenako tulo, kenako kukomoka.

Musananyamuke m'munsi, uzani gulu lonse kuti kunena kuti ndazizidwa si manyazi. Anyamata makamaka amabisa, poopa kusekedwa ndi atsikana. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ana, anthu oonda kwambiri, odwala shuga ndi amene sanadye mokwanira ndiwo amayamba kugwa, choncho muziwayang'ana kawirikawiri.

Chachisanu ndi chitatu: mmene mungamutenthetsere

Muchotseni pamphepo ndi pamvula, ngakhale kuseri kwa mwala, anzake ataima momutchinga. Yalani zikwama kapena udzu pansi. Muvuleni zonyowa mwamsanga, chimodzi chimodzi, mukumuveka zouma nthawi yomweyo. Ngati ndi mtsikana kapena mayi, akazi anzake achite zimenezi ena atatchinga ndi chitenje, koma zisachedwe chifukwa cha ulemu. Mufunditseni mutu ndi khosi, mumulowetse m'chofunda, pulasitiki akute kunja kwake. Ngati zouma palibiretu, musamuvule: finyani zimene wavalazo, mumukulunge ndi pulasitiki ndi chilichonse chotchinga mphepo.

Ngati ali maso, akulankhula ndipo akutha kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri pang'onopang'ono, kenako chakudya. Shugayo ndi amene amapatsa thupi mphamvu yonjenjemerera, ndipo kunjenjemerako ndi kumene kumabweretsa kutentha. Mtsikana uja tinamumwetsa makapu awiri, mnzake atamukumbatira m'bulangete, ndipo patatha pafupifupi ola anayamba kudandaula kuti zala zikumuwawa. Gaidi anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Tinayenda naye pang'onopang'ono mpaka kunyumba, kumene mlonda anali atakoleza kale moto.

Tenthetsani pakati pa thupi: pachifuwa, m'khwapa, kumsana. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'sokosi limathandiza, koma lisakhudze khungu mwachindunji, chifukwa khungu lozizira limapsa munthu osamva. Pa chifukwa chomwechi musamuyandikize kwambiri kumoto.

Pali zinthu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimawononga. Musamupatse mowa, kaya kachasu kaya burande. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva ngati wafundidwa pamene kutentha kukuthawa m'kati. Musamutikite manja ndi miyendo, ndipo musamuviike m'madzi otentha. Magazi ozizira a m'miyendo akathamangira kumtima mwadzidzidzi, mtima ukhoza kusokonezeka.

Ngati wasiya kunjenjemera, sakuyankha bwino kapena wakomoka, musamuyendetse ndipo musamumwetse kanthu. Mugonekeni chammbali, mumugwire mosamala ngati dzira, osamugwedeza kapena kumudzutsa mwamphamvu. Mufunditseni monga ndafotokozera, ndipo anthu awiri odziwa njira apite kukaitana thandizo, ena atsale naye. Munthu wozizidwa kwambiri amapuma pang'onopang'ono zedi moti amaoneka ngati watisiya. Musafulumire kulira maliro. Mvetserani mpweya wake kwa mphindi yathunthu, pitirizani kumufunditsa, ndipo afike kuchipatala ngakhale aoneke kuti watsitsimuka.

Chachisanu ndi chinayi: usiku m'nyumba ya paphiri

Nyumba za paphiri, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, zimakhala ndi mlonda ndi malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni. Mukafika, sinthani zovala musanayambe kuphika, yanikani zonyowa chapatali ndi moto, idyani chakudya chotentha. Nsima kapena phala la usiku limenelo ndi limene likufunditseni mpaka m'mawa. Gonani pamatiresi kapena choyala, mutavala chipewa ndi masokosi ouma.

Kuzizira kukafika pa fupa, wina amaganiza zopalira makala a moto m'chitini kapena pambaula n'kulowa nawo m'chipinda chogona, zitseko ndi mawindo atatseka. Musalole zimenezi ngakhale pang'ono, ndipo m'tenti ndiye musayerekeze n'komwe. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo munthu amene ali m'tulo sadzukanso. Abale athu okhala ku Johannesburg amazidziwa nkhani zotere, chifukwa nyengo yozizira ikafika kumeneko anthu amafa m'tizipinda totseka atagona ndi mbaula. Moto ukhale pamalo pake pa chumuni. Wina akadzuka usiku akudandaula mutu, ndipo winanso chimodzimodzi, tsegulani chitseko, tulukani nonse.

Nkhuni muzigwiritsa ntchito zimene mlonda wakupatsani. Mkungudza wa Mulanje watsala pang'ono kutheratu, ndipo timitengo timene mukuona tabzalidwa m'mbali mwa njira ndi ntchito ya anthu amene akuyesetsa kuubwezeretsa.

Chakhumi: kutsika

Ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa, mitima ili kale kunyumba. Pathanthwe lonyowa khalani pansi mutsetsereke ndi matako, thalauzi lidzachapidwa. Siyani mpata pakati panu kuti wina akaterereka asakokere anzake.

Chiperoni chikagwa usiku wonse, timitsinje timene munadumpha dzulo timadzaza, chifukwa madzi pamiyala salowa pansi, amangothamangira m'makwawa. Madzi akapitirira m'mawondo ndipo akuthamanga, musawoloke. Dikirani. Mitsinje ya paphiri imadzaza msanga, imaphweranso msanga mvula ikaleka. Ngati ndi owolokeka, musavule nsapato, masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno kuti mukagwa muchitaye mosavuta, gwirani ndodo, yang'anani kumene madzi akuchokera, ndipo muwoloke mmodzi mmodzi ena akuyang'anira. Mukawoloka finyani masokosi n'kuyamba kuyenda nthawi yomweyo kuti thupi lisazizire.

Mukafika pa Likhubula, musathamangire minibasi. Pitani kaye ku ofesi mukanene kuti gulu lakuti latsika lonse, muwerengane komaliza pamaso pa gaidi, ndipo muimbire munthu wakunyumba uja. Ngati mwatsikira njira ina, monga ya ku Fort Lister mbali ya Phalombe, tumizani uthenga ku ofesi imene munalembetsa. Mukapanda kutero, mawa m'mamawa magaidi ndi anyamata a m'midzi ya m'munsimo adzakwera mu nkhungu yomweyo kukakufunani, inu muli kwanu mukumwa tiyi.